Wotchi ya amuna anga ndimaiyendetsa ndine, iwo sadziwa

Aphungu,

Ndathedwa nzeru, ndipo nkhaniyi ndalephera kuuza ngakhale ana anga.

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri pakampani yomanga milatho. Popuma ntchito anapatsidwa wotchi ya pamkono yamtengo wapatali, ya mtundu uja wosalira batire. Imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono, ndipo ukaigoneka masiku angapo imaima. Ankaikonda moti ndinkawaseka kuti ameneyo ndiye mkazi mnzanga.

Chaka chatha anadwala sitiroko, mkono wamanzere n'kufa. Atatuluka m'chipatala anaumirira kuti wotchiyo ndiziwaveka kumkono womwewo. "Inazolowera kuno," anatero. Sipanapite nthawi, inaima. Tsiku limenelo anakana kudya, n'kutembenukira kukhoma. "Amayi, ngakhale chitsulo chaona kuti ine ndatha."

Mawu amenewo anandilasa. Poti mankhwala amawagonetsa kwambiri masana, ndinayamba kumawavula wotchiyo mwakachetechete n'kuivala ine. Ndimasesa nayo, kukolopa, kusita, kenako ndimakonza nthawi n'kuwabwezera asanadzuke. Ataona kuti yayambanso kuyenda, nkhope yawo inawala. "Mwaona? Ndiye kuti mkonowu umagwedezeka ndikagona. Ukudzuka wokha!" Mlendo aliyense wobwera kudzawazonda amamuonetsa. Choipa n'chakuti kuchipatala kumene ankapita kukachita mafizo anasiya. Akuti avutikirenji ndi ululu pamene mkono ukuchira wokha.

Sabata yatha ndinaiwala, ndinachapa mabulangete nditaivala. Galasi lachita nkhungu mkati. Tsopano imayenda, kuima, kenako kuthamanga ngati yaona mkango. Ndinathamangira nayo kwa mmisiri wa mawotchi, yemwe atangoiona anapukusa mutu. "Mayi, mwalowa madzi. Kachitsulo kam'mbali kokonzera nthawi aka simunakamange bwino. Iyenera kumasulidwa yonse, kutsukidwa, kuikidwa mafuta ndi timphira tatsopano. Muisiye milungu ingapo. Mukachedwa, dzimbiri lidya mkati monse." Sindinaisiye. Ndinabwerera nayo kunyumba mwaliwiro, n'kuwaveka asanadzuke.

Dzulo anaiona nkhungu ija. Mukudziwa anati chiyani, aphungu? "Ndi thukuta limeneli. Mkono wayamba kutentha, magazi akuyenda." Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve, ndinalira.

Ndikaipereka kwa mmisiri, amuna anga adzandifunsa kuti madzi analowa bwanji chikhalirecho iwo sakhudza madzi ataivala. Ndikaisunga, ifera pamkono pawo, ndipo ndikuopa kuti nawonso atsatira. Mkonowo ukunka nuuma, zala zapindika, ndimaona ndekha powasambitsa. Ndatopa, ndikuona mdima wokhawokha. Ndichite chiyani?

Mayi E. N.

Mayi anga,

Pepani kwambiri. Munachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo palibe angakugendeni mwala. Koma ndisakunyengeni: bodza lanulo lasanduka mankhwala oipa. Likuwasangalatsa bambo uku likuwaumitsa mkono.

Tiyambe ndi wotchi, poti ndiyo yosavuta. Ipite kwa mmisiri mawa lomwe. Musaiyanike padzuwa, musaiyandikize kumoto, ndipo lekani kuigwedeza, chifukwa ikamayenda ili ndi madzi tizitsulo take timadyana. Mufunseni mmisiriyo ngati anakonzapo za mtundu umenewu, ngati ali ndi timphira toyenerera, komanso ngati akaitseka amaiyesa kuti aone kuti madzi salowanso. Akayamba kudodoma, funani wina. Musalole kuti aitsegule munthu wongodziwa kusintha mabatire. Dziwaninso kuti wotchi yotere imafuna kutsukidwa ndi kuikidwa mafuta pakapita zaka zingapo, ngakhale isanawonongeke. Ngati chiilandirireni sinatsegulidwepo, inali itayamba kale kudandaula, madzi anu angofulumizitsa.

Tsopano nkhani yeniyeni. Bambo auzidwe zoona, ndipo owauza ndinu, asakamvere kwa wina. Koma musausenze nokha mtolowu. Uzani kaye mwana wanu mmodzi, amene bambo ake amamumvera. Kenako pitani kwa dokotala wa mafizo kuchipatala kuja mumufotokozere zonse, kuti akuuzeni mmene mkonowo ulili ndi zimene zingatheke. Mukatero mudzakhala ndi chowapatsa bambo m'malo mwa chimene mukuwalanda.

Sankhani nthawi ya m'mawa, atadya, m'nyumba mulibe alendo. Musazungulire. Nenani kuti: "Bambo, wotchi ndimaiyendetsa ndine, chifukwa ndinaopa kukutayani." Akwiya, mwina alira, mwina akhala masiku osakulankhulani. Musabweze mawu pofuna kuwatonthoza. Akakana chakudya kapena mankhwala, kapena akayamba kulankhula zofuna kufa, musadikire, auzeni adokotala tsiku lomwelo.

Wotchi ikabwerako, ivalidwe kumanja. Zambiri za mtunduwu zimathekanso kupotokoledwa ndi zala pa kachitsulo kam'mbali kaja kuti ziziyenda. Mmisiri awaonetse bambo eni ake, ikhale ntchito yawo ya m'mawa, inu muchokemo. Nanunso mupume, mayi. Ana azisinthana nanu powasambitsa ndi kuwaperekeza kuchipatala. Wodwazika matenda naye amagwa.

Sindikulonjezani kuti mkonowo udzabwerera mwakale. Mwina pang'ono, mwina ayi. Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kupeka bodza lachiwiri, lakuti wotchi yangopita kukapukutidwa, kuti ikabwera muyambirenso. Mmisiri angathe kuchotsa dzimbiri, koma zala zikaumiratu palibe amene adzaziwongole. Lankhulani nawo sabata ino, zala zisanatsekeke.

Phungu wanu