Voti Yanga Ndinapatsa Gethin

Lolemba, 2 Meyi
Makomo 46 lero, kupempha mavoti. Mvula. Mawondo akukana. Zaka 18 ndili khansala wa Cwmrhedyn, koma pachisankho chino wopikisana nane, Gethin, wandigwira pakhosi. Iye akufuna sukulu yathu itsekedwe, ana 31 azikwera basi kupita kutauni. Khonsolo ivotera nkhaniyi mu Juni, ndipo makhansala agawikana pakati. Ndikagwa ine, sukulu yagwa.

Lachinayi, 5 Meyi
Ndavota kuholo ya tchalitchi. Monga mwa masiku onse, ndachonga dzina la wopikisana nane. Malemu bambo ankati, "Munthu wolongosoka sadzivotera, Idwal. N'kudzikweza kumeneko." Zisankho zinayi ndachita zomwezi, sizinavutepo. Mkazi wanga Meinir sadziwa.

Lachisanu, 6 Meyi
Mavoti 412 kwa 412. Awerenga katatu, zomwezo. Ndikanadzivotera, ndikanapambana ndi awiri.

Meinir ali kalikiliki kunyoza aneba amene anapita kumsika wa nkhosa osavota, ine pambali pake kumagwedeza mutu ngati munthu wosalakwa.

Lamulo likuti zikatere achite maere. Woyang'anira chisankho analemba mayina athu pa timapepala tiwiri, n'kuponya m'bokosi, n'kupisamo dzanja. Sukulu ya zaka zana m'dzanja la munthu wachimfine.

Latuluka langa.

Gethin anandipatsa chanza. "Mwayi ngwanu, achikulire," anatero. Ndinakadzitsekera m'chimbudzi n'kulira. Mtima pansi.

Lamlungu, 8 Meyi
Potuluka m'tchalitchi, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, Mayi Prydderch, andipatsa keke. Akuti ndawapulumutsa. Manyazi anandigwira mpaka kumakutu. Ndadyabe magawo atatu.

Lachitatu, 11 Meyi
Ndamuuza Meinir m'mawa tikudyetsa nkhosa. Zinandikanika kusunga. Anatula ndowa pansi.

"Ana 31, Idwal, inu n'kumachita ulemu? Ulemu umenewo mukadye," anatero.

Sanandiyankhulenso. Tiyi ndadzipangira ndekha, wosakoma. Akunena zoona, ndilibe pogwira. Komabe ndapepukidwa kuposa Lachisanu lija.

Masana ndapeza pepala patebulo la kukhitchini, cholembera pamwamba pake. Fomu yopempha kuti kuyambira tsopano ndizivotera kunyumba kuno, n'kumatumiza papositi. Dzina langa Meinir walembapo kale, akufuna aziona pomwe ndikuchonga.

Ndasayina.