Dzina la a Raymond pa Lipoti Langa

Okondedwa azakhali a Monika,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsanjeko. Kuno ku Machinjiri ana akupereka moni.

Paja ndinkayenda khomo ndi khomo ku Chirimba, kuwerengera magetsi amene mabanja amagwiritsa ntchito madzulo, aliyense akayatsa hotipuleti ndi ayironi. Miyezi isanu, azakhali! Lipoti litatha, abwana anga a Raymond anafufuta dzina langa n'kulembapo lawo. Nditafunsa anati, "Iwe Ethel unkangotola manambala basi."

Chabwino. Lachisanu akukalifotokoza pamaso pa akuluakulu akuntchito kwathu. Sakudziwa kuti anatenga lipoti losamaliza, momwe mulibe makomo owotcherera zitsulo, amene amadya magetsi ambiri. Lenilenilo lili m'chikwama mwanga. Ndikakhala pampando wakutsogolo, ndipo funso langa ndakonza kale.

Zondipempherera kuti ndikhululuke, muyambe Loweruka.

Ndine mwana wanu,
Ethel