Boti Ili Sindigulitsa

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine bondo lija linapola.

Ndikulemba ndili m'boti mwathu padoko la ku Boston. Lero ndi tsiku lachinayi tikudikira kuti mphepo ichepe. Lachiwiri inating'ambira thanga, koma ndalisoka ndekha mpaka zala kutupa.

Dzulo bambo a Tadala anati, "Tiyeni tibwerere kunyumba ku Evington, chinthuchi tigulitse. Anzathu akutiseka."

Ndinawayankha kuti, "Basi ilipo, kakwereni. Ine ndakalambira pa shifiti kuchipatala, tchuthi changa sindikathera pa sofa."

Sanapite ayi, panopa akukapa madzi uku akung'ung'udza.

Inunso musandilemberenso zoti mkazi sayendetsa boti. Mungotipempherera nyengo yabwino. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati