Chitsime cha kuseri kwa mzikiti

Achemwali anga okondedwa,

Asalamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi mawondo aja akukulolani kugwada poswali, kapena mukuswalibe chokhala? Nanga alamu anga, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ulibe pokhala. Alamu anu, mayi a ana anga, ali m'chipatala, lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi. Musadzidzimuke, ali moyo. Ndafuna kuti mumve kwa ine mmene zinayendera musanamve kwa apaulendo.

Kalatayi akundilembera atelala a khomo loyandikana ndi lathu. Akuti ndimalankhula ngati wosoka ndi singano ya pamanja. Ndawauza kuti alembe chilichonse, mawu anga si nsalu yoti adule m'mphepete.

Ntchito yanga pamzikiti pano mukuidziwa: kusesa, kukutumula mikeka, kutseka geti. Lachisanu lililonse tikatha kuswali timadyera pamodzi, opeza bwino amapereka mpunga, nyama ndi buledi. Kale tinkaphika miphika iwiri, n'kutha yonse mpaka kukokota. Zaka zitatu zapitazi opereka anachuluka, aliyense kufuna kuti mphika wake uoneke. Miphika inafika isanu ndi iwiri, koma odya ndi omwe aja.

Zotsala zinatisowetsa mtendere. Mayi wamkulu wophika, amene tonse timangowatcha a Mthiko, anati chakudya chimene chatchulidwira dzina la Mulungu sichingalowe m'bini pamodzi ndi matewera a ana ndi zosesa za mumsewu. Ine ndinavomereza. Inunso mukukumbukira mmene mayi ankatitoletsera njere imodziimodzi ikagwa pansi. Ndiye tinapangana kuti tizikwirira pamalo oyera.

Malo oyera kuposa onse pabwalo lino ndi kuseri, kumene sikudutsa anthu, kumene kuli chitsime chakale ndi mtengo wanga. Mtengowo ndi uja ndinabwera nawo m'kachitini, nthambi yodula pa mtengo wowawa wa bambo. Chitsimecho anthu anachisiya mipopi itabwera. Wotunga ndinatsala ndekha, chifukwa bambo anatiphunzitsa kuviika makungwa m'madzi a pansi, otungidwa dzuwa lisanasuzumiremo. A pampopi sindinawakhulupirire, amanunkha mankhwala a eni ake.

Ndiye Loweruka lililonse m'mawa ndinkakumba dzenje, kukhuthuliramo mabeseni, kunena Bisimillah, n'kukwirira. Ndinayambira kutali, kumpanda. Malo akamachepa ndinkasendera pang'ono, sabata ino phazi limodzi, sabata yamawa phazi lina. Kumene ndinkasenderako sindinayang'aneko.

Choyamba kusintha chinali mtengo. Chilimwe chatha, mitengo yonse ya mumsewu itayoyola, wanga unali biriwiri, masamba otambalala ngati chikhatho. Ndinkati ndi madalitso. Koma tsiku lina nditalawa khungwa, silinawawe ngati kale. Linali ndi kakomedwe kena kumapeto, ngati wina wathirako shuga mobisa.

Kenako nthaka. Ndikaponda m'mawa wopanda nsapato inali yofunda, ngati pamene pangodzuka munthu. Mayenje akale anayamba kutitimira, mizeremizere, aliyense utali wa munthu wogona. A Shehe atabwera kudzaona anandifunsa ngati ndatsegula manda osawauza. Anaseka okha. Ali mkati moseka, pansi pa mapazi athu panamveka kuti fuu, pang'onopang'ono, ngati munthu wokhuta akutulutsa mpweya. Tinayang'anana. Palibe anasekanso.

Ndiye kunabwera amphaka, asanu ndi mmodzi. Ankafika masana dzuwa lili paliwombo, n'kukhala mozungulira chitsime, onse maso pachivundikiro. Osalira, osamenyana. Ndinawaponyera fupa, palibe ndi mmodzi yemwe analicheukira. A Mthiko anasiya kudutsa kuseriko, mabeseni ankangondisiyira pakona. Ankati mphaka wokana nyama waona chimene ife sitikuona.

Nthawi imeneyo ndi pamene alamu anu anayamba kudandaula kupotokola m'mimba. Ndinachita zimene ndachitira anthu zaka makumi anayi. Ndinatunga, ndinaviika, ndinawerengera mawu a Mulungu, ndinawamwetsa. Sanachire. Ndinawonjezera, m'mawa, masana ndi madzulo. Anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Maso analowa mkati, khungu ukalitsina linkatsala chiimire. Koma kapu ankailandira ndi manja awiri, ankati mankhwala a apongozi awo sanawagwiritsepo mwala.

Anthu ena atatu amene ndinawapatsa mabotolo sabata imeneyo anadwalanso chimodzimodzi. Kunayamba manong'onong'o oti m'chitsime mwalowa ziwanda. Achemwali, ine ndinakhulupirira. M'mawa wina nditakoka ndowa, madzi anali oyera ndithu, koma pansi pake panali njere zitatu za mpunga, zophika, zoyera mbee. Chitsime chovundikira, chokhoma ndi loko, kiyi ali m'thumba mwanga. Ndinaima ndi ndowayo m'manja. Ndinaganiza kuti pansipo pali amene amadya zimene ndimakwirira, ndipo wayamba kundibwezera mbale.

Ndinathamangira kwa a Shehe kuti adzawerenge. Anabwera, anawerenga pachitsime, kenako anapita kunyumba kukaona wodwala. Atangowaona anandikokera panja. Anati duwa, pemphero lija, apitiriza iwowo, koma mayiwa apite kuchipatala lero, osati mawa, pakuti amene analenga mizu ndi yemweyo analenga madokotala. Ndinafuna kutsutsa. Anandiyang'ana ngati mmene bambo ankatiyang'anira, ndinangovomera. Atelalawa ndi amene anapeza galimoto.

Kuchipatala anamwino anafunsa chimene wodwala wakhala akumwa. Ndinati makungwa a bambo. Ndinkayesa andikalipira za makungwawo, koma iwo anafunsa za madzi, kuti ndimatunga kuti.

Mawa lake kunabwera mayi wa zaumoyo, wamfupi, atavala jombo, tochi ili m'manja. Amphaka anali pomwepo, anachita kuwalambalala. Anandiuza kuti nditsegule loko. Anaunika nthawi yaitali, kenako anati agogo, bwerani muone nokha.

Ndinasuzumira. Kutsika ngati utali wa anthu awiri, njerwa zinali zitang'ambika, ndipo mizu ya mtengo wanga inali italowa, yonenepa ngati mkono. Pamizupo pankatsetsereka chinthu chakuda, chonanda, chikudontha m'madzi dontho limodzilimodzi. Pambali panali una wa makoswe. Mayiyo anandiuza kuti ndiyese mapazi kuchokera padzenje lomaliza kufika pachitsime. Ndinayesa. Anali atatu. Anangolemba m'kabuku kake, ndipo bola akanandilalatira.

Pambuyo pake anandifotokozera mofatsa. Anati chimene chalowa m'nthaka sichitha, chimangoyenda. Chikamaola chimatentha, chimatulutsa mpweya, mvula imachitengera kumene kuli madzi. Mpunga uja anabweretsa ndi makoswe, ndipo amphaka ankadikira makoswewo. Ndinamufunsa za ziwanda. Anati tochi yake siunika zimenezo, koma zimene taonazi n'zokwanira kupha munthu popanda thandizo la chiwanda.

Achemwali, ndine. Ndinkakwirira ndi dzanja ili, n'kumwetsa mkazi wanga ndi dzanja lomweli, ndipo konseko ndinkayamba ndi Bisimillah.

A zaumoyo anafukula mayenje onse, lole inayenda maulendo awiri. Fungo lake sindingalifotokoze, atelala akuti asalembe poti akufuna kudya masana ano. Chitsime anachitseka ndi simenti. Mtengo anaudula, anazula ndi chitsa chomwe. Nkhwangwa sindinaigwire. Ndinakhala pa ndowa yanga yovundikira, n'kumaonerera.

Lachisanu lapitali a Shehe analankhula, dzina langa sanalitchule. Anati kutaya chakudya ndi kutaya basi, ngakhale utachitaya mwaulemu, ndipo cholakwa sichinayambire padzenje, chinayambira pamphika. Tsopano tikuphika miphika itatu. Chotsala chikupita chikadali chotentha kwa anthu odikira odwala kuchipatala, makoko ndi zowonongeka akutenga bambo wina wa dimba, kutali ndi madzi. Opereka ena ananyinyirika kuti akuchepetsedwa. A Mthiko anawayankha kuti wofuna mphika wachisanu ndi chiwiri abwere ndi mimba yake adzaumalize yekha, supuni amubwereka.

Atatu aja anachira. Ndayenda makomo awo kupepesa. Awiri anandipatsa mpando. Wachitatu anandimvera ali pazenera, chitseko sanatsegule, ndipo sindikumuda.

Wotsala anali mmodzi, amene ndinkamuopa kuposa onse. Masiku asanu ndi awiri alamu anu anali chigonere, botolo la madzi lili pamkono, ndipo akatsegula maso ankandifunsa chifukwa chake sindikuwabweretsera mankhwala athu. Ndinkangoti anamwino akukaniza. Dzulo anadzuka n'kukhala tsonga. Anadya masupuni atatu a phala, n'kundipatsa mbale, akuti ndikakwirire pamalo oyera monga mwa masiku onse.

Ndinaima ndi mbaleyo pakati pa mabedi. Ndinalibe kopita nayo. Ndiye ndinakhala pansi n'kuwauza zonse, kuyambira kumpanda mpaka mapazi atatu aja.

Anayang'ana madzi akudontha m'botolo. Kenako anati bambo a ana, zaka zonsezi takhala limodzi, ngati mumafuna mkazi watsopano mukanangonena, osati kundimaliza ndi ndowa. Amayi a pamabedi oyandikana anaseka mpaka wina kutsokomola. Iwo sanaseke kwenikweni. Anandigwira pamkono, dzanja lopepuka ngati la mbalame, n'kunena kuti ndidye phalalo lisanazizire. Ndinadya lonse, ndinakokota. Adokotala akuti akapitiriza kusunga chakudya m'mimba atuluka sabata yamawa.

Tsopano ndifike pa chimene ndalemberetsa kalatayi. Thumba la mankhwala la bambo ndalipachika pamsomali, sindinaligwire chiyambire tsiku lija. Ndilibe mtengo, ndilibe khungwa ngakhale limodzi. Inu ndinu wamkulu, ndinu amene munandipatsa thumbalo bambo atatisiya, ndipo mtengo wawo uli pakhomo panu. Ndikupempha kanthambi kamodzi, m'kachitini ka dothi, mupatse woyendetsa basi wa kwathu uja. Ndadzala kale m'maganizo pomwe ndingakaike, kutali ndi dzenje lililonse, ndipo madzi oviikira ndizidzawiritsa monga anandiuzira mayi wa zaumoyo.

Koma muganize kaye, musafulumire chifukwa ndine mlongo wanu. Mukaona kuti munthu wochita zimene ndachitazi sayenera kugwiranso makungwa a bambo, musatumize kanthu. Musavutike ndi kulemba kalata yokana. Ndizikadikira basi tsiku lililonse mpaka mwezi watsopano uoneke. Kachitini kakapanda kutsika, ndidzakhala ndamva, ndipo thumbalo ndidzalibweza kwa inu ndi basi yomweyo.

Chinthu chimodzi sindinauze a Shehe, ndikuuza inu nokha ndi atelala akulembawa. Makoswe anatha, mayenje anawathira dothi latsopano. Koma amphaka aja akubwerabe masana, onse asanu ndi mmodzi, kukhala pamwamba pa simenti, maso pansi. Dzana nditatha kusesa ndinagwada n'kuika khutu pamenepo. Simenti inali yofunda. Mwina ndi dzuwa chabe. Mkatimo mukudonthabe.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa ana anu onse ndi azipongozi, kwa azakhali ngati akumvabe, ndi kwa adzukulu amene sanandione nkhope. Mwana wanu wamkulu mumuuze kuti amalume ake akufunsa mapazi a kuchokera padzala lanu kufika pachitsime. Alamu anu akuti muwaikire duwa, ndiponso akuti musandilalatire kwambiri, ntchito imeneyo aigwira okha akapeza mphamvu. Atelala nawo akupereka moni, akuti dzanja latopa.

Mulungu akusungeni, achemwali, mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Wosesa pamzikiti