Kalongonda wa pa Phiri la Bangwe

Lachiwiri, 9 Epulo 1996

Ine ndine Onesimo Thom Nakhumwa, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, mkulu wa mpingo, kalaliki wopuma wa ofesi ya zankhalango ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Ndikhala kuno ku Bangwe, ndipo chimwalirire mkazi wanga Evelina ndili m'nyumba ya mwana wanga Margret. Ndalemba dzina langa lonse chifukwa posachedwapa sindidzathanso kuliwerenga.

Lero kuchipatala. Dokotala wachinyamata, waulemu ndithu. Akuti si ng'ala ayi. Mitsempha ya kuseri kwa maso ikuuma, ndipo mpeni sungathandize. Ndinamufunsa za nthawi. Akuti chisanu chikamatha ndidzakhala ndikungosiyanitsa kuwala ndi mdima.

Sindinadandaule pamaso pake. Chofuna changa ndi chimodzi: kuliona phiri la Mulanje lathunthu kamodzinso. Margret akuti tingokwera minibasi tipite kumudzi. Sanandimvetse. Munthu wokhala m'tsinde saliona phiri, amangoona khoma la mwala. Ine lathunthu ndinaliona kamodzi kokha, ndili kumbuyo kwa lole tsiku limene tinkasamukira kuno. Linkayandama pamwamba pa minda ngati lilibe mizu. Evelina anandigwira dzanja. Tsopano agona m'manda m'tsinde mwa phirilo.

Amati mvula ikatsuka mlengalenga limaonekera pamwamba pa phiri lathuli la Bangwe. Nyengo yake ndi ino. Juni akafika ndi nkhungu ya Chiperoni, kenako utsi wa tchire mpaka dzinja.

Margret wakana. "Phiri ayi, bambo. Mukakagwa kumeneko ndidzawauza chiyani anthu?"

Lachisanu, 12 Epulo

Margret atanyamuka ndi zovala zake za kaunjika kupita kumsika wa Limbe, ndinavala jekete, ndinatenga ndodo yanga ya mkungudza, ulendo.

Phiri lavulidwa. Zitsa zokhazokha. Bambo wina wa nkhwangwa ndinamufunsa ngati ali ndi chilolezo, iye anaseka, akuti, "Ndi matipate awa, madala." Ndinamusiya. Ndinapuma ntchito kalekale.

Ndinafika pa mwala wina wathyathyathya, mawondo anakana. Ndinakhala pomwepo. Malata a Bangwe m'munsimo akung'anima ngati madzi. Makondakitala akuitanira Limbe, mawu awo akufika ochepa ngati a udzudzu. Kum'mawa mbuu.

Ndinanunkhiza ndodo. Zaka zonsezi fungo silinathe. Ndinatseka maso ndipo ndinali ku Chambe, pa phiri la Mulanje, mwezi wa Juni, udzu utayera ndi chisanu, ocheka matabwa akutsika atasenza thabwa lalitali pamutu, opanda nsapato, akuimba motsitsa. Mtsinje wa Likhubula ukulira m'miyala. Mitambo ili kunsi kwa mapazi, ife pamwamba pake.

Lachitatu, 17 Epulo

Ndapitanso kawiri. Mwala womwewo, mawondo omwewo. Dzulo ndinanjenjemera ndi njala potsika, ndinachita kukhala pansi m'munda wa eni.

Margret anapeza chisoso chitamatirira pa buluku langa. Anandifunsa kumene ndinali. Ndinati ndinakawongola miyendo. Sindinaname. Anakhala pakhonde, nathothola chisosocho chimodzichimodzi, osandiyang'ana. Bwenzi atandikalipira.

Lolemba, 22 Epulo

Ndalingalira nthawi yaitali ngati ndiyenera kulemba izi. Ndatsimikiza kuti pepala si munthu.

Pa mwala paja ndinapeza chakudya. Tsamba la nthochi loyalidwa bwino, pamwamba pake kalongonda wophika, akadali wofunda. Pambali nthochi zakupsa ndi madzi m'chikho. Munthu panalibe. Mphepo yokha.

Kwathu ku Mulanje mwana aliyense amadziwa lamulo lake. Ukapeza chakudya m'phiri, eni phiri akukonzera iwe. Udye wekha. Usaitane mnzako, usatengere kunyumba, usauze munthu. Woitana mnzake amasochera, sapezanso njira. Evelina ankawauza ana zimenezi, ine ndinkamuletsa kuti ndife banja lachikhristu. Ndinayenda phiri lija zaka zonse za ntchito yanga, Lichenya, Thuchila, Sombani, osapezako ngakhale nthochi imodzi.

Ndinavula chipewa. Ndinapemphera monga mwa nthawi zonse, popeza pemphero la chakudya silifunsa wophika. Ndinadya.

Kalongonda! Nyemba zimene zimaphikidwa tsiku lathunthu, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi munthu amazungulira mutu. Chimwalirire Evelina sindinamulawe. Margret analumbira kalekale kuti iye sangathere makala pa zimenezo.

Nditadya ndinakwera kupitirira mwala uja. Ndinafika pamene amayi ena a mpingo watsopano amapempherera mofuula. Kum'mawa kunali chinthu chabuluu. Mwina phiri, mwina mtambo. Sindingalembe chimene sindikuchidziwa.

Madzulo Margret anadabwa kuti sindikudya kwenikweni. Ndinati ukalamba. Anati ee, ukalamba.

Lachinayi, 25 Epulo

Chakudya chinaliponso. Lero kalongonda yemweyo, koma wonyenyedwa, monga amachitira kwa munthu wopanda mano a m'mbali. Eni phiri la Bangwe akudziwa za m'kamwa mwanga.

Chikho chinali chovundikira ndi kansalu. Ndinakanunkhiza. Fungo la kaunjika, lija la zovala zongotuluka m'belo. Maso akamapita mphuno imakwezedwa pa ntchito.

Pobwerera ndinadzera kwa Che Sulaiman, telala wa pafupi ndi mpopi, mnzanga wa bawo. Ndinamupeza akudandaula kuti masiku ano kukhitchini kwa mkazi wake Asia kwasanduka kwa Alomwe, mphika ukubwata kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. "Anthu inu, nyemba zikakana kudyedwa mumazikakamiza bwanji?" Asia anamutsokomolera kuchokera m'nyumba. Iye anameza mawu, nayamba kufunafuna sizasi imene inali m'manja mwake.

Sindinafunse kanthu. Ndinamudya bawo kawiri, ngakhale kuti njombwa ndikuziona ndi zala.

Tsono Margret benchi yake kumsika akusiyira yani? Ndipo amadzera njira iti kuti andipitirire? Ali mwana ankathamanga kupita ku Dziwe la Nkhalamba kusiya anyamata onse m'mbuyo.

Iye sanganene, chifukwa anandiletsa ndi pakamwa pake. Ine sindinganene, chifukwa lamulo la phiri silindilola. Tikudya pa tebulo limodzi ngati akazembe a mayiko awiri.

Lachiwiri, 30 Epulo

Mvula yamawawa kuyambira Lamulungu. Sindinatuluke. Diso lamanzere lazima. Lamanja likuona ngati munthu wosuzumira m'bango.

Ndagona masana. Ndinalota maluwa aja osafota a ku Lichenya, Evelina akuwathyola, akuwaika m'chipewa changa cha ku ofesi. Ndinkamuuza kuti ndi katundu wa boma. Iye ankangothyola.

Loweruka, 4 Meyi

Kunacha kowala, mphepo yozizira, yotsukidwa. Ndinadziwa ndi khungu.

Chakudya chinali pa mwala. Sindinadye. Ndinachikulunga m'tsamba lake, ndinachiika m'thumba la jekete, ndinapitirira. Pena ndi ndodo, pena ndi manja. Kumbuyo kwanga timiyala tinkagubuduka pamene ine sindinaponde. Ndikaima, nato tinkaima.

Ndinafika pamwamba. Ndinayang'ana kum'mawa.

Kuwala kokhakokha. Koyera, kopanda malire, ngati nsalu yoyanika. Ndinapukuta magalasi. Ndinatseka diso lakufalo ndi dzanja. Ndinadikira. Panalibe kanthu. Ndachedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri.

Ndinakhala pansi. Akhungubwe awiri ankalira pamwamba panga, monga aja a ku Sapitwa. Ndinatulutsa chakudya, ndinachiyala pa mwala. Ndinadziwa bwino lomwe chimene lamulo limanena za woitana mnzake.

Ndinati, "Margret, tulukani kuseri kwa mwalawo. Bwerani tidye."

Ndinamva mapazi. Anakhala pambali panga akupuma mwamphamvu, nati, "Bambo, mwaphwanya lamulo. Musochera."

Ndinamuyankha kuti kusochera ndasochera kale, ndipo ndifuna kubwereka maso.

Ndinaloza ndi ndodo kumene ndinkaganiza kuti kuli Mulanje. Iye anagwira nsonga ya ndodoyo, naisuntha pang'onopang'ono kumanja. Akuti ndinkaloza Chiradzulu. Masiku onsewa.

Anati likuoneka, lonse, labuluu, ndipo m'munsi mwake muli nkhungu yopyapyala kotero kuti likukhala ngati silinakhudze pansi. Ndinamupempha ayambire kumanzere. Iye ankanena maonekedwe, ine ndinkatchula maina. Phiri loima palokha, mpata pakati: Mchese. Khoma lalikulu losalala lowala dzuwa: Chambe. Kamzere koyera kotsika pa mwala: madzi a mvula ija, sakhalitsa. Kumanja kotambalala ngati tebulo: Lichenya. Ndinamufunsa za Sapitwa. Anazengereza, nati pamenepo pali mtambo, nsonga sikuoneka.

Pamenepo ndinadziwa kuti sakundinamiza. Sapitwa savulira chipewa munthu aliyense.

Anasunthanso ndodo pang'ono, naitsitsa, nati, "Amayi ali apa."

Tinaigwira tonse awiri nthawi yaitali. Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu, ndinaliona. Linkayandama.

Kalongonda tinadya wozizira. Akuti wake sakufika pa wa amayi ake. Ndinati mchere wokha ndiwo wachepa.

Potsika iye anagwira ndodo kutsogolo, ine kumbuyo.

Lamulungu, 5 Meyi

Zilembo zikukula, mizere ikukwerana. Ndilembe izi maso akadalipo pang'ono, pasadzakhale mkangano.

Baibulo langa lalikulu lipite ku mpingo wa kwathu ku Likhubula.

Jekete yakuda kwa Che Sulaiman. Anaisoka yekha kambirimbiri, ndi yake kale. Bawo nalonso, aphunzire.

Kwa mayi Asia, ketulo ya Evelina, chifukwa cha khitchini yawo ndi chifuwa chawo chija.

Magalasi aperekedwe kwa wina amene angamuthandize.

Mapu a phiri la Mulanje, aja a nsalu kumbuyo, kwa Margret. Maina ndamuphunzitsa dzulo.

Ine mwini, nthawi ikadzakwana, pambali pa Evelina.

Ndodo ya mkungudza ndi ya Margret, koma asaitenge tsopano. Pakali pano yake ndi nsonga yakutsogolo yokha. Akuti Loweruka likudzali kukacha bwino tikwerenso, akandiuze ngati Sapitwa wavula chipewa. Ndamva akuviika nyemba, muno m'nyumba mwathu, ndipo... mzere sindikuuonanso