Asiyatu wasanduka bandidu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Namwera tonse tili bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chatha.

Loweruka kunabwera a Zhuwau, ogula chimanga aja a ku Mandimba, ku Mozambiki. Mwana wanu Asiyatu anawatsomphola chipewa n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Iwo anafuula akuseka, "Iwe bandidu!"

Amayi anagwetsa lichero. Paja ndilo dzina limene tinkatchulira anthu amfuti aja amene anatiotchera mudzi pa nkhondo, tisanathawe ku Mozambiki.

A Zhuwau ananjuta pansi. "Pepani mayi. Mawuwa anabwera ndi azungu. Pa Chisipanishi ndi Chipwitikizi amatanthauza chigawenga. Koma kwathu masiku ano timatchulira mwana wopulupudza, kaya mnyamata wokonda atsikana."

Amayi anatola lichero lija. Kenako anaitana Asiyatu n'kumuyang'anitsitsa. "Ndiye bandidu wa masiku ano ndi ameneyu? Wopanda mano akutsogoloyu?" Anaseka mpaka misozi.

Mawa lake amayi anandiuza kuti mvula ikatha akufuna kukaona manda a abambo ku Mozambiki. Zaka zonsezi ankakana ngakhale kuyandikira malire. Chonde pemphani tchuthi, tidzawaperekeze tonse.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mlongo wanu,
Patuma