Chikwanje cha Celso

Chachahuate,
14 Okutobala 2022.

Okondedwa achemwali a Marcelina,

Ndikhulupirira muli bwino ku New York kozizirako. Kuno moyo ulipo koma mtendere palibe, ndipo ndati mumve kwa ine mphekesera zisanakupezeni.

Makorali, matanthwe amoyo a pansi pa nyanja aja tinkasambirapo tili ana, akudwala, achemwali. Nthendayo imadya mnofu wake n'kusiya mafupa oyera mbee, moti thanthwe lalikulu ngati nyumba limafa m'miyezi yochepa. Nsomba zathawa, nkhanu nazo zasowa. Bungwe lina linalemba mwamuna wanga Ovidio ntchito yomira pansi kukamata mankhwala m'mbali mwa zilondazo. Ine ndimatsala m'boti kuyang'anira makina omutumizira mpweya kudzera m'paipi.

Tsoka lake mankhwalawo ndi oyera ngati phala, nthendanso ndi yoyera. Asodzi akasuzumira pansi amangoona kuti paliponse pamene Ovidio wagwira payera. Ndiye mlongo wathu Celso, mutu wake mukuudziwa, anayamba kulalikira pagombe kuti alamu ake akupha nyanja ndi poizoni kuti azungu atseke malo osodza.

Lachisanu lapitalo dzuwa lili paliwombo anatipeza ndi boti lake, maso ali psuu.

"Iwe Idalia, itulutse mfiti yakoyo!"

"Mfiti ndi mowa uli m'mutu mwakomo. Choka apa, munthu ali pansi!"

"Ana anga akugona ndi njala, iye akudyera imfa ya nyanja? Apume poizoni wakeyo!"

Anasolola chikwanje. Nditamugwira dzanja anandimenya chibakera pakamwa, dzino n'kuguluka. Kenako khaa! paipi ija pawiri. Ndinaona thovu likutumphuka, ndipo ndinakuwa mpaka mawu kutha. Ovidio anathamangira pamwamba, ndipo mukudziwa zimene nyanja imamuchita munthu wovuuka mofulumira. Anafika magazi akutuluka m'mphuno ndi m'makutu. Ine ndinatola nkhafi n'kumuphwanya nayo Celso kumaso. Sindikupepesa, ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamumaliza.

Ovidio ali m'chipatala ku La Ceiba. Akuyankhula, koma miyendo yake siikumva kanthu ngakhale muibaye ndi singano. Chimene chikundiwawa n'chakuti akangotsegula pakamwa amafunsa kuti thanthwe limene analisiya pakati alimaliza ndani.

Amayi anandigwadira pamchenga, ndi ukalamba wawo wonse uja. "Mwanawe, ukanene kuti injini ya boti ndiyo inadula paipi. Magazi ndi magazi. Ukufuna ndimwalire mwana wanga ali m'ndende?" Ndinawafunsa ngati magazi a Ovidio aja anali madzi.

Chonde tifunireni njinga ya olumala ya matayala aakulu, yoti izitha kuyenda pamchenga. Musaitumize kudzera kwa amayi.

Mundiperekere moni kwa alamu a Dionisio ndi ana, ndipo muwauze kuti buledi wa chinangwa ndiwatumizira ndikapeza wobwera kumeneko. Ovidio akuti moni. Amayi akanakupatsani moni, koma sakundiyankhula, ndipo mbale yanga aitulutsa m'nyumba mwawo. Moni wa Celso musaudikire. Apolisi atabwera Lolemba anafunsa kuti anadula paipi ndani, ndipo ine ndinatukula dzanja n'kumuloza, amayi akuona. Ngati nanunso mundikane, ndiuzeni msanga, ndidziwiretu kuti ndatsala ndekha.

Ine mng'ono wanu,
Idalia